Momwe Mpanda Unasinthira Mbale ya Galu ku Limbe

Chimene chinasintha kwambiri kadyedwe ka agalu ndi amphaka ku Limbe ndi mpanda. Njanji ya Shire Highlands isanafike mu 1908, m'midzi ya Amang'anja ndi Ayao yozungulira mapiri a Bangwe, Mpingwe ndi Soche galu anali wa uzimba. Pakhomo ankamuponyera mkute ndi makoko a mumphika, kuthengo alenje ankamugawira matumbo a nyama, ndipo zotsalazo ankadzipezera yekha: mbewa, ziwala, ngumbi. Mphaka naye ankakhuta makoswe a m'nkhokwe. Mwini ankangopereka theka la chakudya, theka linalo linkachokera kutchire.

Njanji ndi fakitale ya fodya ya Imperial Tobacco zitakulitsa Limbe, mpaka tauniyi kuphatikizana ndi Blantyre mu 1956, galu anasiya ulenje n'kuyamba ulonda. Lero ku Kanjedza kapena ku Chigumula amaswera m'khola kapena pa tcheni, n'kumasulidwa usiku mkati mwa mpanda wa njerwa. Tchire linamuchokera, koma mbale inatsala yomwe ija, phala la madeya lophikidwa m'chitini. N'zoona kuti galu amagaya bwino chimanga. Akatswiri a ku Uppsala anasonyeza mu 2013 kuti pa zakudya zokhutitsa ngati zimenezi amaposa mimbulu imene anachokerako. Koma madeya okha alibe zomanga thupi ndi zolimbitsa mafupa zokwanira, n'chifukwa chake tiana ta agalu tambiri timakula ndi miyendo yopindika ndi ubweya wothothoka. Kwa mphaka vutoli n'lalikulu koposa, poti thupi lake limafuna taurine wopezeka mu nyama ndi nsomba, ndipo mu 1987 madokotala a ku California anapeza kuti akasowa, mtima wa mphaka umafooka.

Ena amati agalu a agogo athu ankanenepa ndi mkute womwewu. Ankanenepadi, koma chifukwa ankasaka. Ena amati yankho ndi matumba a zakudya ochokera ku South Africa amene ali m'masitolo a ku Chichiri. Malonda amenewa anayamba ndi mabisiketi a James Spratt ku London cha m'ma 1860, ndipo zakudya zabwino za mtunduwu zimathandizadi. Komabe mtengo wake mabanja ambiri sangaukwanitse, komanso thumba silitsimikizira chitetezo: mu 2011 agalu ambiri anafa ku Gauteng atadya chakudya chogula chimene chinali ndi poizoni wa chuku. Chuku chomwecho chimamera m'madeya osungidwa ponyowa. Chofunika n'kubwezera m'mbale zimene tchire linkapereka, ndipo mumsika wa Limbe zilimo: usipa, bonya, matumbo a nkhuku, mazira, maungu. Muyeso wake umatengera chiwetocho. Galu woyamwitsa amadya kuwirikiza kawiri kapena kuposa, kamwana kamadya pang'onopang'ono kangapo patsiku, wokalamba safuna mafuta ambiri. Ndiwo zotsala za anyezi zimawononga magazi a ziweto zonse ziwiri, mafupa ophika a nkhuku amabaya matumbo, ndipo Panado amapha mphaka.

Pali enanso amene amati chiweto chodya bwino ndi kumwa zitsamba sichifuna jakisoni. Mbiri ya mzindawu ikuwatsutsa. Chipatala cha Queen Elizabeth chinkalandira ana ofa ndi chiwewe chaka ndi chaka, kufikira mu 2015 pamene bungwe la Mission Rabies, pamodzi ndi Blantyre SPCA ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, linabaya katemera agalu oposa 35,000 m'masiku 20, ndipo imfa zoterezi zinachepa m'zaka zotsatira. Chakudya chabwino chimalimbitsa thupi, koma chiwewe chikayamba kuonekera palibe muzu kapena tsamba lochiritsa. Choncho malangizo oyenera chiweto chilichonse pachokha ayenera kuchokera kwa dokotala kapena mlangizi wa ziweto amene wachiona ndi maso, wachiyeza kulemera kwake, ndipo wafunsa tsiku limene chinalandira katemera komaliza.