Overspray: penti wogwera pambali

Overspray ndi mawu achingerezi otanthauza penti wopopera amene wagwera pomwe sanafunike. Kwa wopenta wamba chimenechi n'cholakwa, koma kwa okonzanso magalimoto akale amphamvu a ku America ndi umboni wamtengo wapatali.

Kufakitale ya Chevrolet ku Tonawanda, m'chigawo cha New York, injini za galimoto ya Chevelle SS 454 ya 1970 ankazipopera penti wa olenji atazimanga kale, ndiponso mothamanga, moti penti ankafika pamabawuti ndi pazitsulo zotulutsira utsi. N'chifukwa chake wofuna kuti injini ioneke mmene inatulukira m'fakitale amabwezeretsa mathothomathothowo mwadala, pamalo ake enieni. Injini yopentedwa mwaudongo paliponse imakongola ndithu, koma pampikisano woona ngati galimoto ili monga inapangidwira, oweruza amaichotsera malikisi.