Za Mtulo wa pa Gombe ndi Chiphaso cha Msodzi

Abale, msodzi popereka ndalama za chiphaso cha khoka lake, kawirikawiri amang'ung'udza, nati, Kodi nyanja iyi anaikumba ndi Boma? Funso ili si lopusa ayi, ndipo liyenera kuyankhidwa. Tiyeni tsono tibwerere m'mbuyo, tione kumene mwambo uwu unachokera.

Makolo athu sanadziwe chiphaso, koma mtulo anaudziwa. Gombe lililonse linali ndi mwini wake, ndiye mfumu. Ndipo khoka litatuluka m'madzi, mfumu inalandirako nsomba zake. Nayonso mfumuyo inali ndi mangawa kwa anthu ake: kuweruza milandu ya asodzi, kulandira alendo, ndi kusunga mtendere pagombe. Potero wopereka anaona ndi maso ake kumene mtulo wake unapita.

M'chaka cha 1891 Angerezi anamanga Fort Johnston, ndiye Mangochi wa lero. M'zaka za m'ma 1930 kunadza Agiriki a banja la Yiannakis, nayamba kugwira chambo chochuluka ndi makoka aakulu, nakachigulitsa ku Blantyre ndi kwina. Mafumu anadandaula kuti nsomba zidzatha. Boma linaitana akatswiri m'chaka cha 1939 kudzafufuza za nsomba za m'nyanja. Ndipo pambuyo pake mayi wina wophunzira, dzina lake Rosemary Lowe, anakhala kuno kuyambira 1945 mpaka 1947 kusanthula moyo wa chambo. M'chaka cha 1949 kunatuluka lamulo lopatsa Boma mphamvu pa usodzi ndi pa ziphaso. Motero pambali pa mtulo wa mfumu panabadwa mtulo wina, wa ndalama, umene unayenda ulendo wautali kunka ku thumba la Boma ku Zomba, kumene msodzi sanauonenso.

Taonani tsono zimene zinagwera nyanja ya Malombe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 chambo chinachepa kwambiri m'menemo, pakuti makoka a maso ang'onoang'ono anachuluka, nakokolola ana a nsomba pamodzi ndi udzu wa pansi pa madzi umene nsomba zimabisalamo. Malamulo analipo, ziphaso zinalipo, koma olondera anali ochepa, ndipo anthu anayesa nyanja chinthu cha Boma, chosati chawo. Pozindikira ichi, m'chaka cha 1993 Boma linayambitsa makomiti a pagombe ku Malombe, kuti asodzi eni ake asunge malamulo. Lamulo la usodzi la 1997 linavomereza kuti midzi igwire ntchitoyi pamodzi ndi Boma, linakhazikitsanso thumba lapadera la ndalama za usodzi. Koma makomitiwo anayamba ndi thandizo la mayiko akunja, ndipo thandizolo litachepa ambiri anafooka. Pakuti wotsamira nkhokwe ya mnzake sadziwa tsiku limene idzatsekedwa.

Nkhani ya ku Cape Maclear ili ndi phunziro lomwelo. Kumeneko, kumene amishoni a Livingstonia anayamba kukhala m'chaka cha 1875, Boma linakhazikitsa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park m'chaka cha 1980, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tokongola ta m'miyala. Ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawerengera malowa pakati pa chuma cha dziko lonse lapansi. Madzi a mamita 100 kuchokera kumtunda wa malowa ndi wa zilumba zake, monga Domwe ndi Mumbo, saloledwa kuponyamo khoka. Anthu a ku Chembe ndi ku Msaka anataya potero malo ena amene makolo awo anasodzamo. Alendo odzaona mbuna amalipira polowa, ndipo pali dongosolo lakuti gawo lina la ndalamazo libwerere ku midzi yozungulira. Ichi n'choyenera, pakuti amene anamanidwa ndiye ayenera kuyamba kutonthozedwa.

Nanga tinene chiyani kwa msodzi uja? Zoonadi, Boma silinakumbe nyanja. Koma kuisunga kumafuna ndalama. Boti lolondera m'miyezi ya November ndi December, pamene makoka amaletsedwa kuti chambo chiswane, siliyenda popanda mafuta, ndipo wowerenga nsomba pagombe ali ndi ana ofuna kudya. Kupatsa n'kuika, anatero akulu. Chifukwa chake tipereke chiphaso mosanyinyirika, ndipo tisabise makoka oletsedwa m'mabango. Koma tisalekeze pamenepo ayi. Pa msonkhano wa komiti tifunse poyera, mwaulemu ndi mosaopa, kuti zinasonkhedwa zingati, ndi kuti zinagwira ntchito yanji. Madzi saiwala khwawa; momwemonso ndalama yotuluka m'nyanja iyenera kudziwa njira yobwerera ku gombe, kuti adzukulu athu adzadye chambo, asadzangochimva m'nthano.