Kugula magemu: pa intaneti kapena m'sitolo?

Magemu a pakompyuta ndi a pa makina monga PlayStation amagulidwa m'njira ziwiri: kugula chimbale m'sitolo, kapena kulipira pa intaneti n'kutsitsa gemuyo m'makina. Makolo amene ana awo amawapempha gemu akangogulitsa soya, mbatatesi kapena fodya ayenera kudziwa kuti mtengo wolembedwa si ndalama zonse zimene zidzatuluke m'thumba.

Kugula pa intaneti

Misika yodziwika ndi Steam, imene kampani ya Valve ya ku America inatsegula mu 2003, PlayStation Store, ndi Google Play ya mafoni a Android. Munthu sawononga ndalama ya basi kupita ku tawuni, ndipo mitengo imatsitsidwa nthawi zina pa chaka.

Vuto lili pa mamega. Magemu akuluakulu ambiri amaposa magiga 50, ndipo giga imodzi ndi mamega pafupifupi 1000. Kumene netiweki ndi yofooka, kutsitsa kungatenge masiku, makinanso amafuna magetsi nthawi yonseyo. Polipira pamafunika khadi la banki monga Visa, kapena khadi la nambala logulidwa padera.

Chimene munthu amagula ndi chilolezo chosewera, cholembedwa pa akaunti yake. Gemuyo sangaigulitse kwa mnzake, ndipo akataya akaunti, magemu apita nayo. Steam imabweza ndalama ngati munthu wapempha pasanathe masiku 14 ndipo wasewera nthawi yosakwana maola 2.

Kugula m'sitolo

Chimbale cha PlayStation kapena Xbox ndi katundu wogwirika: chimabwerekedwa, chimasinthanitsidwa, ndipo mwana akatopa nacho chimagulitsidwa. Chimapulumutsa mamega ambiri, ngakhale kuti magemu atsopano amafunabe intaneti kuti atsitse zowonjezera.

Asanagule, munthu aone ngati makina ake ali ndi polowetsa chimbale. Malaputopu ambiri atsopano alibe, ndipo PlayStation 5 inatuluka mu 2020 m'mitundu iwiri, wina wowerenga chimbale, wina ayi. Mabokosi ena a magemu a pakompyuta mulibe chimbale, muli nambala chabe yotsitsira gemu pa intaneti.

Chimbalenso sichitsimikizira kuti gemu idzagwira ntchito mpaka kalekale. Mu 2024 kampani ya Ubisoft inatseka makompyuta amene ankayendetsa gemu ya magalimoto yotchedwa The Crew, ndipo onse anasiya kusewera, ngakhale amene anali ndi chimbale.

Zoyenera kusamala

Magemu okopedwa mwakuba, amene amaikidwa pa flash kapena memori pa mtengo wotsika, nthawi zina amabwera ndi mavairasi oba manambala achinsinsi. Foni imene banja limasungamo ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola isaikidwe magemu osadziwika kumene achokera.

Magemu ena a pafoni, monga Free Fire, amatsitsidwa ulere koma amagulitsa zinthu m'kati mwa gemu, ndipo mwana angamalize ndalama pang'onopang'ono kholo osazindikira.

Banja limene lili kutali ndi netiweki yamphamvu ndipo lili ndi makina owerenga chimbale limapindula ndi chimbale. Amene ali ndi intaneti yokhazikika angasankhe kutsitsa, koma ayambe awerengera mtengo wa mamega ndi kusunga bwino nambala yachinsinsi ya akaunti.