Khofi ndi Ciyambi ca Cuma ca Nyasaland

Anthu akamachula mbeu zimene zinabweretsa ndarama m'dziko la Nyasaland, limene tsopano lichedwa Malawi, amayamba ndi fodya, tiyi ndi thonje. Koma mbeu imene inatsogolera zonsezi ndiyo khofi. Ulemerero wace sunakhalitse, komabe unasiya katundu amene anthu anamsenza zaka zambiri.

M'caka ca 1878 Jonathan Duncan, wosamala munda wa Mishoni ya Blantyre, anabwera ndi timitengo ta khofi kucokera ku Edinburgh. Kamodzi kokha ndiko kanapulumuka, ndipo katabala, mbeu zace zinafalikira m'dziko la mapiri la ku Blantyre ndi Zomba. John Buchanan, amene poyamba anagwira nchito pa Mishoniyo, anatsegula munda wa khofi ku Zomba pamodzi ndi abale ace. Mbiri ya phindu lao inakopa Azungu ena, ndipo iwo anatenga malo akuru kwa mafumu, nthawi zambiri powapatsa nsaru, mikanda kapena mfuti.

Pamene Boma la Angerezi linakhazikika m'caka ca 1891, Bwanamkubwa woyamba, Harry Johnston, anatsimikiza malo ambiriwo ndi makalata ochedwa Certificates of Claim. Khofi anali ciyembekezo ca Boma latsopanolo, kotero kuti cithunzi ca mtengo wace cinaikidwa pa cizindikiro ca dziko ndi pa masitampa.

Koma munda wa khofi ufuna manja ambiri, makamaka pa nyengo ya mvula, pamene mwini mudzi ali kupalira cimanga cace. Msonkho wa nyumba, umene m'caka ca 1894 unali mashilingi 3, unakankha amuna kukafuna ndarama ku minda ya Azungu. Atonga anatsika kucokera ku nyanja, Angoni kucokera ku mapiri, ndipo pambuyo pace Alomwe anaoloka malire kuthawa nkhanza za ku dziko la Apwitikizi. Amene anamanga pa malo a Mzungu analipira ndi nchito, ndipo mau akale akuti thangata, amene kumudzi anatanthauza kuthandizana, anasanduka dzina la nchito yokakamiza. Popeza njanji kunalibe, matumba a khofi anayenda pa mitu ya amtengatenga kufikira ku mtsinje wa Shire, ndipo kucokera kumeneko masitima a pamadzi anawatengera ku Chinde.

Caka ca 1900 ndico cinali pacimace: khofi wotumizidwa kunja anapitirira mapaundi 2,000,000 kulemera kwace. Kucokera pamenepo zinthu zinagwa msanga. Dziko la Brazil linakolola khofi wocuruka kwambiri, ndipo mtengo wace unatsika pa misika yonse. Kwao kuno cirala, tizirombo ndi kuguga kwa nthaka zinatsiriza zotsalazo. Pamene njanji inafika ku Blantyre m'caka ca 1908, khofi amene anaiyembekezera anali atacepa kale. Eni minda anatembenukira ku thonje ndi fodya, ndipo ku Mlanje tiyi anamera pamene panali khofi. M'caka ca 1914 nyalugwe analowa m'malo mwa mtengo uja pa cizindikiro ca dziko.

Mitengo inazulidwa, koma malo sanabwerere kwa eni ace akale. Msonkho ndi thangata zinatsala, ndipo zinangosamukira ku mbeu zatsopano. Madandaulo a pa minda yotere, makamaka ya ku Magomero, anali pakati pa zifukwa zimene John Chilembwe ndi anthu ace anaukira m'caka ca 1915, ndipo nkhani ya malo inabvutitsabe dziko kufikira ufulu wa 1964 ndi kupitirira apo.

Khofi sanatheretu ai. Anapeza kwao kwina kumpoto, m'mapiri ozizira a Misuku, Phoka ndi Viphya, kumene alimi wamba amamlima pa minda yao ndi kugulitsa kupyolera m'mabungwe ao, pa dzina la Mzuzu. Ndarama zace sizifika pa za fodya kapena tiyi. Koma kusiyana kulipo: kumwera khofi anacotsa munthu m'munda mwace, pamene kumpoto wolima ndi mwini munda ali munthu mmodzi.