Chitsulo cha m'madambo

Kale anthu a ku Scandinavia sankakumba migodi yakuya pofuna chitsulo, ankachitola m'madambo. Madzi apansi opanda mpweya amasungunula chitsulo cha m'nthaka. Akatumphuka n'kukumana ndi mpweya, chitsulocho chimachita dzimbiri, mothandizidwa ndi mabakiteriya, n'kuundana timibulu tofiirira. Cha m'ma 1000, a Viking anayenga mtapo wotere ku L'Anse aux Meadows, Newfoundland, n'kusula misomali ya maboti. Ng'anjo ya Saugus ku Massachusetts, yomangidwa mu 1646, inkadaliranso mtapo womwewu.

Matope ofiirira ndi zonyezimira ngati mafuta pamadzi a m'madimba athu ndi chitsulo chomwechi. Chimamanga fosifolasi wa mu feteleza, ndipo chikachuluka masamba a mpunga amafiira ngati opsa. Alangizi, pamunda wotere yambani mwaona ngalande musanauze mlimi kuti aonjezere feteleza.