Mjigo ukathyoka akonza ndani? Mbiri ya a Bunker Roy a ku Tilonia

Mu 1968 boma la Malawi, ndi ngongole ya World Bank, linayamba ntchito yaikulu yotchedwa Lilongwe Land Development Programme. Madera akumadzulo kwa Lilongwe, monga Nsaru ndi Mpingu, analandira misewu, mijigo, misika ya mbewu, ngongole za feteleza ndi alangizi. Minda ya mabanja inayezedwa n'kulembetsedwa m'dongosolo lomwe akuluakulu kwathu amalitchulabe kuti ndunda. Patangopita zaka zinayi, mu 1972, mnyamata wina wa ku India anayamba ntchito yakeyake m'mudzi wouma wa Tilonia, m'boma la Ajmer, m'chigawo cha Rajasthan. Ntchito ziwirizi zinali ndi cholinga chimodzi, kutukula mlimi wosauka, koma zinasiyana pa funso limene ine ndimaliona lalikulu kuposa onse: chinthu chikaonongeka, akonza ndani?

Mnyamatayo anali Sanjit Roy, amene ambiri amawadziwa kuti a Bunker Roy. Anabadwa mu 1945 ku Burnpur, m'banja lochita bwino. Anaphunzira ku Doon School ndi ku St Stephen's College mumzinda wa Delhi, sukulu zomwe zimatulutsa akazembe ndi akuluakulu a boma, ndipo anaimirapo dziko lawo pa masewero a squash. Pakati pa zaka za m'ma 1960 anapita ku Bihar, komwe kunagwa njala yoopsa, nakaona anthu akufa ndi njala. Atabwerako anakana ntchito za muofesi zomwe zinkawadikira. Anakhala zaka pafupifupi zisanu akukumba zitsime pamodzi ndi anthu akumudzi, osati ngati kapitawo koma ngati wantchito wamba.

Bungwe lomwe anakhazikitsa ku Tilonia, m'nyumba zakale za chipatala cha odwala TB, linkatchedwa Social Work and Research Centre. Poyamba munadzaza anyamata ndi atsikana a madigiri ochokera m'tauni: madokotala, akatswiri a za madzi, aphunzitsi. Ambiri sankakhalitsa. Paja mlendo ndi mame. A Roy ataona zimenezi anatembenuza dongosolo lonse: anayamba kuphunzitsa eni mudzi, ambiri a iwo osadziwa kulemba ndi kuwerenga, ntchito zomwe zinkaoneka ngati za ophunzira okha. Dzina loti Barefoot College, kapena kuti koleji ya osavala nsapato, linachokera pamenepo.

Chitsanzo chomveka bwino ndi cha mijigo. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 dziko la India linadzaza midzi ndi mjigo wa India Mark II, koma ukathyoka anthu ankadikira amakaniko a boma ochokera kutali. Ku Tilonia anaphunzitsa anthu a m'midzi momwemo kuusamala ndi kuukonza. Nafenso kuno tinadutsa m'vuto lomweli. Mijigo yakale inali yolemera, yofuna galimoto ya boma kuti aizule, ndipo amayi ankabwerera kudambo podikira. Mjigo wa Afridev, umene uli pafupifupi m'mudzi uliwonse kwa Kabudula lero, unapangidwa m'zaka za m'ma 1980 kuchokera pa zoyesayesa za ku Malawi ndi ku Kenya, ndi cholinga chenicheni choti anthu apamudzi azitha kusintha okha timarabala ndi ndodo zake. Maiko awiri otalikirana anafika pa yankho limodzi.

Kenaka a Roy anatengera nzeru yomweyo ku magetsi a dzuwa. Anaona kuti mnyamata akaphunzira luso amafuna setifiketi, ndipo akailandira amakwera basi kukasaka ntchito m'tauni. N'chifukwa chake kolejiyo sipereka mapepala, ndipo imasankha amayi achikulire, ambiri a iwo agogo, amene minda, ana ndi adzukulu awo zili pamudzi. Amayiwa amakhala ku Tilonia miyezi 6. Popeza sadziwa chilankhulo cha aphunzitsi awo, amaphunzira poona mitundu ya mawaya ndi tizipangizo, pogwiritsa manja, ndi pobwereza mpaka dzanja lizolowere. Akabwerera amaika sola m'nyumba za anzawo ndi kuikonza ikafa, ndipo banja lililonse limasonkha kangachepe pamwezi, ndalama yomwe kale inkathera palafini, makandulo ndi mabatire. Boma la India lakhala likulipira maphunziro a amayi ochokera kunja kudzera mu pulogalamu ya ITEC, ndipo amayi a kuno ku Malawi ali m'gulu la omwe anapitako. Mu 2015 koleji yotere inatsegulidwanso ku Zanzibar.

Sindikunena kuti njira ya ku Tilonia ilibe zofooka. Zipangizo zoyambira zimagulidwa ndi ndalama za mabungwe akunja. Batire la sola limatha pakapita zaka zochepa, ndipo mudzi umene sunasonkhe mokhulupirika umabwerera ku koloboyi. Ndi zoonanso kuti agogo a miyezi 6 sangamange damu la Kamuzu kapena kuchita opaleshoni pa chipatala cha St Gabriel's ku Namitete. Misewu ya mu 1968 ija tikuyendamobe, ndipo anaijambula ndi mainjiniya. Dziko limafuna onse awiri. Koma pa zinthu zimene mudzi umadalira tsiku ndi tsiku, madzi ndi kuwala, mbiri ikuonetsa kuti chokhalitsa ndi chimene wochikonza amagona pamudzi pomwepo.

Nkhaniyi ikutikhudza ife ophunzira mwachindunji. Kafukufuku wa DHS wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mabanja 4 okha pa 100 aliwonse akumudzi ndi amene anali ndi magetsi. Chichokereni nthawi imeneyo timasola tafalikira. Pitani pa Nambuma kapena pa Nsaru tsiku la msika, mukaona mapanelo akugulitsidwa pafupi ndi kaunjika. Koma funsani kuti inveta ikapsa amapita nayo kwa ndani. Kawirikawiri yankho ndi ku Lilongwe, kapena pansi pa bedi.

Ambiri mwa ife tikamaliza sukulu timalakalaka ntchito m'mabungwe a chitukuko, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Ntchito zimenezi zili ndi chizolowezi chake: msonkhano wa masiku awiri, alawansi, chithunzi pansi pa mtengo, lipoti. Lipotilo limawerenga mijigo yokumbidwa ndi masola ogawidwa, koma siliwerenga anthu amene atsala akudziwa kumasula bawuti. A Roy, omwe magazini ya Time inawaika pa mndandanda wa anthu 100 odziwika kwambiri mu 2010, anasankha kuwerenga anthu oterewo. Ife tikadzapatsidwa pulojekiti, tidzafunse tsiku loyamba lomwelo kuti ndi mayi uti kapena bambo uti wa pamudzipo amene adzagwire sipanala galimoto yathu ikadzapita, ndipo ndalama zomuphunzitsira tidzaziike patsamba loyamba la bajeti.