Lamulo la Oyilo Wolemera ndi Kubwera kwa Injini za Turbo

Nkhani ya lero ikuchokera kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, m'madera a Mfumu Chitukula ndi Mfumu Kabudula, kumene amakaniko achikulire amasunga lamulo limene adalandira kwa amene adawaphunzitsa ntchito. Lamulolo limati dziko lotentha limafuna oyilo wolemera. Kwa zaka zambiri mawu amenewa adapulumutsa injini zosawerengeka, koma lero mawu omwewo angathe kupha galimoto imene banja lidagula ndi ndalama za fodya wa zaka zitatu. Pofuna kumvetsa chimene chidasintha, nkoyenera kubwerera m'mbuyo zaka zana.

M'chaka cha 1920 azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, adayamba ulimi wa fodya ku Mbabzi, ndipo posakhalitsa fodya wa chikopa adafalikira m'midzi ya m'chidikha cha Lilongwe. Fodyayo ndiye adaitana malole. Poyamba mabelo ankayenda ulendo wautali wa kummwera pa misewu ya fumbi, kufikira pamene njanji idafika ku Salima m'chaka cha 1935. Injini za malole amenewo zinkazungulira pang'onopang'ono, ndipo mipata ya pakati pa zitsulo zake idali yotakasuka. Oyilo ankadziwika ndi nambala imodzi yokha, monga SAE 30 kapena SAE 40, potsata muyeso umene bungwe la akatswiri a galimoto la ku America lidakhazikitsa mu 1911. Nambala ikakula, ndiye kuti oyiloyo ngwolemera. M'kutentha kwa mwezi wa Okutobala oyilo wopepuka ankachita madzimadzi, nkudutsa m'mipatamo, nkupsa ndi kutuluka ngati utsi. Tsono amene ankathira wolemera sadalakwe.

Lamuloli lidazika mizu pamene chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme chidayamba mu 1968 ndi ngongole ya World Bank. Chitukukocho chidalambula misewu ndi kumanga misika kumidzi, ndipo malole ndi zigayo za dizilo zidachuluka m'malo a malonda monga Nsaru, Namitete ndi Mpingu. Anyamata ambiri adaphunzira umakaniko pa injini zoterezi. Pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique idatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, ndipo katundu wa kunja adayamba kudzera njira zazitali ndi zodula. M'masiku ovutawo injini yotha inkatonthozedwa ndi oyilo wolemera, ndipo kuwonjezera oyilo pamwamba pa wakale kudali kosavuta kusiyana ndi kukhetsa yense.

Pamene zonsezi zinkachitika kuno, kutali ku Ulaya chipangizo china chidali chitabadwa kale. Mu 1905 katswiri wa ku Switzerland, Alfred Büchi, adalembetsa nzeru yake yogwiritsa ntchito utsi wotuluka mu injini. Utsiwo umazunguza kamkombero kamapiko, ndipo kamkombero kameneko kamazunguza kanzake kamene kamakankhira mpweya wambiri mu injini, kotero kuti injini yaing'ono imakhala ndi mphamvu ya yaikulu. Chipangizo chimenechi ndicho turbo. Kampani ya Saurer idachiika m'malole a dizilo mu 1938, galimoto zing'onozing'ono za ku America zidachilandira mu 1962, ndipo mu 1978 Mercedes-Benz idatulutsa galimoto ya dizilo ya turbo yonyamula anthu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, pamene galimoto zogwirako kale ntchito zidayamba kulowa m'Malawi mwaunyinji kuchokera ku Japan, turbo idafika mpaka ku Nambuma, makamaka m'mapikapu a dizilo. Idafika pamalo poiyenera, pakuti chidikha cha Lilongwe chili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene mpweya ngwochepa mphamvu ndipo injini wamba imafookerako.

Komatu mlendo ameneyu adabwera ndi miyambo yake. Kamtengo kachitsulo kolumikiza timikombero tiwirito nkochepa ngati pensulo, ndipo kamazungulira koposa 150,000 pa mphindi imodzi. Sikakhudza chitsulo chinzake, koma kamayandama pa oyilo wochepa kwambiri amene amafika kudzera m'kapaipi kakang'ono. Utsi wa injini ya petulo umene umawomba pamenepo ungathe kufika madigiri 900. Pamenepa mpoonekeratu kuti kutentha kwa dzuwa la Okutobala, kumene kumangopitirira madigiri 30, nkochepa poyerekeza ndi moto umene oyilo amakumana nawo m'kati mwa turbo.

Ngozi zake zilipo ziwiri. Yoyamba imadza mmawa, makamaka m'chisanu cha Juni ndi Julayi, pamene oyilo wolemera amachedwa kukwera m'kapaipi kaja, ndipo kamtengoko kamayamba kuzungulira pouma. Yachiwiri imadza pa mapeto a ulendo. Woyendetsa akathamanga pa msewu wa ku Mchinji atasenza mabelo, nkufika nkuzimitsa injini nthawi yomweyo, oyilo amaima m'turbo yofiira ndi moto, napsa, nasanduka makala onga phula amene amatseka njira pang'onopang'ono. Mapeto ake ndi kulira kwachilendo, utsi wobiriwira ndi ndalama zambiri ku galaja.

Opanga oyilo nawo sadagone. M'zaka za m'ma 1950 adatulutsa oyilo wa manambala awiri, monga 15W-40. Nambala yoyamba, imene ili ndi W, imanena za kuyenda kwa oyilo kukazizira, pamene yachiwiri imanena za kulemera kwake pa madigiri 100, injini itatentha. Motero 5W-40 ngwopepuka mmawa koma ngwolemera masana chimodzimodzi SAE 40 wakale uja. M'zaka za m'ma 1970 kudabwera oyilo wotchedwa synthetic, monga Mobil 1 wa mu 1974, amene amapirira moto osafulumira kupsa. Bungwe la American Petroleum Institute lidaika zilembo pa zigubu, S ya injini za petulo ndi C ya injini za dizilo, ndipo mu 2020 lidatulutsa muyeso wa SP woteteza injini zing'onozing'ono za petulo za turbo, zimene mafuta ake amatha kuphulika nthawi isanakwane.

Kotero mwini galimoto ya turbo wa ku Chitukula ayenera kufunsa buku la galimoto yake asadafunse chizolowezi. Ngati bukulo lalola manambala angapo, iye angathe kusankha wa nambala yachiwiri yokulirapo, monga 5W-40 m'malo mwa 5W-30, chifukwa cha kutentha ndi katundu wolemera, koma asapitirire malire a bukulo. Popeza misewu ya ku Kabudula ndi Nsaru njafumbi, oyilo ndi sefa yake zisinthidwe msanga, sefa ya mpweya osaiwalika. Akafika pa ulendo wautali ailole injini kulira pang'onopang'ono mphindi imodzi kapena ziwiri asadazimitse. Ndipo agule oyilo wa m'chigubu chomata, chokhala ndi manambala ndi zilembo zake, chifukwa wa m'botolo lopanda dzina sadziwika kumene wachokera.

Amakaniko akale sadaname, pakuti lamulo lawo lidali loona pa malole ndi zigayo zimene iwo ankazidziwa. Chidasintha ndi injini. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo pa nkhani ya turbo phulalo limapezeka ndithu, litamatirira m'kapaipi ka oyilo.